Nyenyezi za zigamba zikukana kugona pansi

Nachisale (Ulongwe):
Atelala anzanga, ndithandizeni nzeru. Pa 7 Epulo, tsiku la amayi kuno ku Mozambique, ndinasoka madiresi ndi mabulauzi a makapulana (zitenje) ofanana, ndiye zidutswa zadzadza thumba. Pali mayi wina wandipatsa oda ya chofunda cha pabedi cha zigamba. Akufuna mitundu ya masika, yachikasu, yobiriwira ndi yofiirira, ndipo chithe Juni asanafike poti kuzizira kwa kuno mukukudziwa. Bokosi lililonse ndi tizidutswa 9, zinayi mwa izo ndi za makona atatu zopanga nyenyezi. Likuyenera kutuluka masentimita 30 osawerengera msoko wa m'mphepete, koma lina likutuluka 29, lina 31, pakati pakutukumuka, nsonga za nyenyezi sizikukumana. Mabokosi akufunika 30. Kodi ndi makina?

A Jere (Domwe):
Makina ake ndi anji? Ngati ndi Butterfly yopalasa, onani ulusi wapamwamba, mwina mwaumanga kwambiri. Ukalimba umakoka nsalu, msoko n'kukwinyika.

Nachisale:
Ndi Butterfly yomweyo bambo, koma dzulo ndasokera yunifomu ya sukulu, msoko uli bwinobwino.

Nangozo (Tsangano):
Musawanamizire makina, alibe mlandu. Achemwali, ndiyankheni izi. Za makona atatuzo mukudula chimodzichimodzi kenako n'kulumikiza? Nanga posita mukuyendetsa simbi ngati mukusita malaya?

Nachisale:
Eya, ndinadula patani pa katoni, ndikujambula ndi choko n'kudula chimodzichimodzi. Kusita ndikusita mmene timasitiramo.

Nangozo:
Basi, nthenda ndi imeneyo. Tengani kachidutswa kamodzi mukoke motsata mphepete mwa kapulana, muona kuti sikatamuka. Ndiye mukoke kuchokera pa ngodya kupita pa ngodya inzake, kakutamuka ngati lasitiki. Mbali yaitali ya kachidutswa ka makona atatu imagwera pomwepo, pa mzere wa ngodya ndi ngodya umene timati bayasi. Mukaidula isanasokedwe, zala zanu zimaitamula, phazi la makina limaitamula, simbi imadzamalizitsa. Pofika polumikiza, mbali ija yatalika kale, nsalu yotsalayo ilibe kopita, n'chifukwa chake pakati pakutukumuka.

Chitani chonchi. Dulani zidutswa ziwiri za makona anayi, chachikasu ndi chobiriwira, muziyang'anitsane kumaso. Jambulani mzere kuchokera pa ngodya kufika pa ngodya inzake. Sokani mbali zonse ziwiri za mzerewo, sentimita imodzi uku, sentimita imodzi uko. Mukatha m'pamene mudule pa mzere paja. Mukafunyulula mupeza zidutswa ziwiri za makona anayi, chilichonse cha mitundu iwiri, ndipo bayasi ija yadulidwa ulusi utaigwira kale.

A Jere:
Njira imeneyo imadya nsalu, mayi. Zidutswa zotsala pa bulauzi n'zing'onozing'ono.

Nangozo:
Imadya pang'ono, inde, koma kusomola mabokosi 30 kumadya tsiku. Muyeso wake nawu. Ngati kachidutswa kakufunika kuoneka masentimita 10 pa chofunda, ndipo msoko ndi sentimita imodzi, za makona anayi wamba dulani 12. Zopangira makona atatu dulani 14, mukasoka ndi kusita muzichepetse zibwere pa 12 ndendende. Pochepetsa onetsetsani kuti msoko wodutsa pakati uja wathera pa ngodya penipeni, apo ayi nsonga ya nyenyezi idzabisala mumsoko. Bokosi lonse lisanalumikizidwe ndi anzake likhale 32.

Bambo a Chikondi (Zobue):
Ine ndionjezere za msoko. Ife pa diresi timayeza ndi maso, ndipo mamilimita awiri sapweteka munthu, chiuno chimalandira. Pa zigamba ayi. Bokosi lanu lili ndi misoko iwiri chopingasa. Msoko uliwonse ukalowa mamilimita awiri mopitirira, wadya uku ndi uku, ndiye 4. Misoko iwiri, 8. Mabokosi asanu pa mzere, mwataya masentimita 4 musanawerenge polumikizira. Yezani sentimita imodzi kuchokera pa singano, mumate selotepu kapena pulasitala pa kachitsulo ka makina, mphepete mwa nsalu muziyenda motsata pamenepo. Maso akhale pa tepiyo, singano ikudziwa yokha ntchito yake.

Nachisale:
Zikomo bambo a Chikondi. Nanga kusita ndizitani? Yanga ndi simbi yamakala.

Nangozo:
Yamakala ndiye yabwino chifukwa imalemera. Ikani, dikirani pang'ono, nyamulani, ikani pena. Osakhwekhwereza. Yalani kansalu koyera pamwamba kuopa phulusa pa chachikasu chija. Ndipo misoko musaigonetse mbali imodzi yonse. Mzere woyamba igonere kumanja, wachiwiri kumanzere, wachitatu kumanja. Polumikiza mizere, misoko ija imakolana yokha, mumaimva ndi chala kuti yakhalana. Bayani pini pomwepo musanasoke.

Mai Phiri (Tete):
Pepani ndalowa mochedwa, netiweki. Palibe amene wafunsa za nsaluzo. Zidutswa za pa 7 Epulo sizichokera pa kapulana mmodzi, ndipo makapulana ambiri otchipa masiku ano ndi apoliyesita ngakhale amaoneka ngati thonje. Dulani kachingwe muyatse ndi machesi panja. Thonje limapsa ngati pepala n'kusiya phulusa lofewa. Poliyesita imasungunuka, imanunkha pulasitiki, n'kusiya kachibulu kolimba kakuda. Mukaziphatikiza m'bokosi limodzi, lero zioneka bwino, koma tsiku lochapa thonje lidzabwerera, poliyesita ayi, ndipo mwini wake adzabwera nacho pakhomo panu. Komanso simbi yotentha mokwanira thonje imakwinyitsa poliyesita, mwina ena mwa mabokosi a 29 aja anafupikira pamenepo.

Ziviikeni zonse musanadule, mtundu uliwonse m'beseni mwake. Chimene chikutulutsa utoto muchitsukuluze mpaka madzi ayere, chikakanika chisiyeni, chidzaononga chachikasu.

A Jere:
Ena amathira mchere kuti utoto ugwire.

Mai Phiri:
Amathira, koma ine sindiudalira. Pukutani kachidutswa konyowa pa nsalu yoyera, kakasiya mtundu ndiye kuti mcherewo sunathandize.

Nabanda (Furancungo):
Nsalu zoviikazo zikauma zimafewa n'kumavuta kudula. Ine ndimaphika kaphala kamadzimadzi ka ufa wa chinangwa, kusefa, kuviikamo, kuyanika, n'kusita zikadali ndi kachinyezi. Zimauma gwa, lumo limayenda bwino ndipo bayasi sitamuka msanga. Chokhacho, chofundacho chikatha chichapidwe, mphemvu ndi mbewa zimakonda sitachi. Tizidutswa tating'ono timene a Jere akudandaula musataye. Sokerani tizidutswato pa nyuzipepala yodula muyeso wa bokosi, msoko waufupiufupi, pepalalo mudzang'ambe pambuyo. Timapanga mkombero wokongola.

Nachisale:
Ndabweranso. Ndayatsa monga ananenera mai Phiri, zobiriwira zambiri zapezeka zapoliyesita, ndaziika padera zikhale za mapilo. Ndamata tepi, ndasoka mabokosi atsopano njira ya Nangozo, onse atuluka 32 ndipo agona pansi bwinobwino. Akale aja ndisomole?

Nangozo:
A 29 ndi otukumukawo somolani, koma za makona atatu zimene zatamuka kale musazibwezeremo, sizibwerera. A 31 yezani kaye, ngati vuto ndi msoko umodzi konzani womwewo. Mkati muika chiyani?

Nachisale:
Ndimaganiza bulangete la pa kaunjika, kunsi nsalu ya bedishiti.

Mai Phiri:
Bulangetelo lichapidwenso kaye, ndipo sankhani lopyapyala, lokhuthala Butterfly siimeza. Yalani zitatuzo pamkeka, gwirizitsani ndi ulusi wapamanja kuyambira pakati kupita kunja, ndipo posoka yambiraninso pakati. Singano ikani nambala 16. Kunsi ndi bulangete zipitirire masentimita 5 mbali zonse, mudzadule pomaliza.

Bambo a Chikondi:
Zobiriwira zathonje ndili nazo zotsala pa madiresi a kwaya. Ngati pali amene akukwera chapa (minibasi) yopita ku Ulongwe sabata ino andiuze, ndimupatsire kathumba.

A Jere:
Mlamu wanga akubwera kumeneko Lachinayi kudzagulitsa mbatatesi, pobwerera adzera pa shopu panu. Mangani bwino, m'galimotomo mumakhala fumbi.