Funso la Cyprus landiimitsa kuchonga, ndithandizeni

Nabanda: Akuluakulu, ndapanikizika. Ma script 68 a international law ali patebulo, malikisi akufunika Lachisanu. Funso linali loti kodi Treaty of Guarantee ya 1960, pangano la Cyprus, Greece, Turkey ndi Britain, inalola Turkey kulowa ndi asilikali ku Cyprus mu 1974. Marking guide yomwe anandisiyira ili ndi mizere itatu basi, ikungoti Article IV, ndime yoti pangano likaphwanyidwa Greece, Turkey ndi Britain akambirane, ndipo kuchitira limodzi kukalephereka aliyense ali ndi ufulu wa "take action" payekha. Ana ena alemba kuti inde, pangano linalola. Ena akuti ayi, Article 2(4) ya UN Charter imaletsa kugwiritsa ntchito mphamvu za nkhondo pa dziko lina. Onse alemba zomveka. Ndipereke bwanji malikisi osalakwira wina?

aMwale: Mayi, apa palibe chovuta. Article 103 ya UN Charter. Pangano likasemphana ndi Charter, Charter ndiyo imapambana. Amene sanatchule 103 asapitirire theka.

aChirwa: Pang'onopang'ono aMwale. Chemwali, yambani mwaona ngati mwana wasiyanitsa July ndi August, chifukwa mutu wa nkhani wagona pamenepo. Pa 15 July asilikali a National Guard ya Cyprus, mothandizidwa ndi boma la asilikali la ku Athens, anagwetsa Pulezidenti Makarios n'kuikapo Nikos Sampson. Ecevit, nduna yaikulu ya Turkey, anapita ku London kukapempha Britain kuti achitire limodzi, Britain inakana. Pa 20 July Turkey inatsitsa asilikali pafupi ndi Kyrenia, kumpoto kwa Cyprus. Kufika apa mwana angathe kuimirira pa Article IV: kukambirana kunayesedwa, kuchitira limodzi kunalephereka. Koma ndime yomweyo imati cholinga chikhale chimodzi chokha, kubwezeretsa zinthu mmene panganolo linazikhazikitsira. Sampson anachoka pa 23 July, Clerides, mtsogoleri wa nyumba ya malamulo, n'kutenga udindo, boma la asilikali ku Greece nalonso linagwa. Nanga pa 14 August, pamene Turkey inapitiriza nkhondo mpaka kugwira dera loposa gawo limodzi mwa magawo atatu a chilumba, imabwezeretsa chiyani? Article II ya pangano lomwelo imaletsa kugawa chilumbacho. Mwana amene waona zimenezi ndiye wa malikisi apamwamba, kaya wathera mbali iti pa za July.

aMwale: Zamasiku zilibe ntchito. Ngakhale pa 20 July pomwepo, Security Council sinavomereze, ndipo Turkey sinaukiridwe kuti inene za Article 51, ya ufulu wodziteteza. 103 basi.

Nangondo: AMwale, 103 imagwira ntchito pokhapokha mwayamba mwavomera kuti mawu oti "take action" akutanthauza nkhondo. A ku Cyprus amatsutsa zimenezo, amati mawuwo sanena za asilikali. Ngati sanena, palibe kusemphana, ndiye 103 mukuitengera chiyani? Komanso muchenjere ndi ana othamangira Article 53 ya Vienna Convention, yoti pangano losemphana ndi jus cogens (malamulo amene dziko lililonse silingawapatuke) lilibe mphamvu. Ndi ya 1969, siibwerera m'mbuyo, ndipo Turkey sinalowe nawo. Akafuna jus cogens adutsire ku custom, malamulo ochokera ku chizolowezi cha mayiko, asangoponya nambala.

aChirwa: Chaka china ndinkaphunzitsa ana a moot, mpikisano wa khoti loyeserera, pa nkhani yofanana ndi iyi. Mnyamata wina wanzeru kwambiri anaimirira n'kunena kuti khoti la ufulu wa anthu la ku Ulaya, la ku Strasbourg, linagamula mu Loizidou, mlandu wa mayi amene Turkey inamutsekereza malo ake kumpoto kwa Cyprus, kuti kulowa kwa 1974 kunali kosaloledwa. Woweruza anangomuuza kuti awerenge ndimeyo. Inalibepo. Chigamulo cha 1996 chija chinanena kuti Turkey ndiyo ikulamulira kumpoto kudzera mwa asilikali ake, choncho iyankhe pa malo a mayi uja. Mwanayo analira panja, ine mpaka lero zimandipweteka chifukwa ndinayenera kuzigwira tisanapite. Mukapeza zotere mu ma script musazilekerere.

Nabanda: Ndazipeza kale mwa anayi. Nanga amene atchula Resolution 541 ya Security Council?

Nangondo: Imeneyo ndi ya 1983, ikunena za kulengeza boma la kumpoto kuti n'kosavomerezeka. Ikuthandiza pa occupation, osati pa kulowa. Za 1974 ndi 353 ndi 360. Koma chachikulu mayi, musasinthe guide muli pakati pochonga. Ine zinandionekera: ndinawonjezera mfundo nditachonga kale theka, a external anabweza mulu wonse, ndinachonganso usiku utatu mwana ali kumsana. Lembani guide yatsopano, a head asayine, kenako muyambirenso pa script yoyamba.

aMwale: Mu guide yatsopanoyo 103 ikhale pamwamba. Mukalola kuti mayiko atatu azisainirana chilolezo cholowera dziko lina ndi mfuti, ndiye 2(4) yatsala ya chiyani? Ana athuwa mawa adzakhala akulangiza boma.

aChirwa: Palibe akukana kuti ikhalemo, achimwene. Tikukana zoti ikhale yokha. China chemwali, musadule mwana malikisi chifukwa walemba "invasion" kapena "peace operation". Mbali iliyonse ili ndi dzina lake la nkhondoyi, inu muone ngati wafotokoza chifukwa chake wasankha limenelo.

Nangondo: Kodi nkhani ya Cyprus ikadali pa course outline chaka chino? Kwathu anaichotsa n'kuikapo ECOWAS ku Gambia ya 2017, ati ana amaimva msanga. Amene ali ndi outline yatsopano anditumizireko.