Kodi mano a rack amawerengedwa ngati a spur gear?

Chisomo: Akuluakulu, ndikupanga makina oyendetsa tebulo mowongoka. Kodi mawerengedwe a spur gear (giya wamba yozungulira ngati gudumu) angagwirenso ntchito pa rack (chitsulo chowongoka chokhala ndi mano) ndi pinion (giya yaing'ono yomwe imalumana nacho)?

Mphatso: Inde, chifukwa rack ndi giya yomwe yatambasulidwa, ndipo m'mbali mwa mano ake ndi mowongoka pamene a pinion ndi okhota. Chachikulu n'chakuti module (muyeso wa kukula kwa dzino) ndi pressure angle (ngodya yomwe mano amakankhirana), yomwe kawirikawiri imakhala madigiri 20, zifanane pa rack ndi pinion. Pinion ya mano 20 ndi module 2 ikazungulira kamodzi imasuntha rack mamilimita 125.7.

Tiyamike: Musachepetse mano a pinion kufika pansi pa 17, apo ayi chida chodulira mano chimadya tsinde la dzino. Yanga ya mano 12 inathyokera pomwepo.

Kondwani: Pinion ndiyo imatha msanga poti mano ake amalumana pafupipafupi, choncho chitsulo chake chikhale cholimba kuposa cha rack.