Mizere ya projekita ya laser siikuyambira pamodzi

Moni nonse akuluakulu. Ndikupanga projekita ya laser: galasi lozungulira la mbali 6 ndinachotsa mu printa yakale, galvo (kagalasi kopendekeka ndi magetsi) ikutsitsa mizere, laser yofiira ya 650nm ikuyendetsedwa ndi kakompyuta kakang'ono ka Teensy 4.0. Mota ya galasi ikuzungulira ka 10,000 pa mphindi (rpm), mbali iliyonse ya galasi ikujambula mzere umodzi, ndiye mizere 1,000 pa sekondi, 40 pa chithunzi chilichonse.

Vuto ndi loti m'mbali mwa chithunzi mukuoneka ngati mano a sowo, zikubwereza mizere 6 iliyonse. Poti 40 sagawika ndi 6, manowo akumayendanso. Photodiode (sensa ya kuwala yozindikira poyambira mzere) ndaisuntha, ndaika capacitor pa mota, galasi ndalipukuta, koma palibe chasintha.

Kodi ndiike sensa yachiwiri yozindikira mbali yoyamba ya galasi, kuti mbali iliyonse ikhale ndi nthawi yakeyake mu code, kapena ndingosaka galasi lina?