Tilembe chaka chanji pa chiliza cha agogo?

Mdzukulu wa ku Lirangwe:
Abale, ndithandizeni nzeru. Agogo athu aakazi anatisiya mu Ogasiti 2024, ndipo chaka chino tikumanga chiliza. Wolemba pa mwala akufuna chaka chobadwa, koma pabanja tagawanika patatu. Chiphaso chawo cha unzika chimati 1940, koma chimenecho chinali chongopeka cha msuweni wanga yemwe anawaperekeza kukalembetsa mu 2017, ataona kuti mzere watalika. Amalume powerenga mbiri pamaliro anati zaka 110, anthu mpaka kugwedeza mitu. Ine zonse ziwiri sindikuzikhulupirira.

Eni akewo ukawafunsa ankangoseka nkuti, "Kodi zaka zimadyedwa?" Chomwe ankanena mosasintha nchakuti pa njala ya 1949 anali ndi mwana kumsana, azakhali athu oyamba aja. Agogo aamuna ananyamuka ulendo wa ku Neno kukasuma, anabwera patatha miyezi itatu ali chimanjamanja, ndipo mlandu umenewo agogo sanauiwale mpaka kumanda. Nchifukwa chake kwawo sunkataya mkute. Nsima yogonera ankaiwotcha pamakala mmawa nkutipatsa ndi madzi amchere, ukachita tsinya amakuyang'ana diso limodzi lokha, basi umadya. Nkhokwe yawo inkakhala ndi chimanga cha chaka chatha ngakhale pa njala ya 2002, pamene mudzi wonse unkadya gaga. Anthu ankabwera usiku ndi timbale pansi pa chitenje, iwo nkumapereka osauza munthu. Tinazimva pamaliro, amayi ena akulira mofotokoza.

Ndiye tilembe chaka chiti?

Nachisale wa ku Area 25:
Pepani ndi zovutazo achimwene. Yankho muli nalo kale. Mwana wobadwa 1940 akanakhala ndi zaka 9 pa njala ija, sangabereke mwana kumsana wakewake. Atsikana nthawi imeneyo ankalowa m'banja akangovinidwa, tinene zaka 16 mpaka 19. Ndiye agogo anabadwa chapakati pa 1929 ndi 1932, kutanthauza kuti apita ali ndi zaka za m'ma 92 mpaka 95. Zochuluka kale zimenezo, safunika kuwaonjezera. Za 110 zija ndi chikondi cha amalume chabe, pamaliro aliyense amakhala wa zaka 100.

Bambo a Chisomo, Johannesburg:
Kodi ankapemphera kuti? Ngati ndi a CCAP kapena a Katolika pitani mukapemphe kuona mabuku a ubatizo ndi a ukwati. Ife ndi mmene tinapezera chaka cha amayi athu, buku lake lachikasu, njenjete zitadya m'mbali, koma dzina likuwerengeka bwinobwino. Mukafufuze ndi dzina la ku ubwana komanso la bambo awo, osati la kubanja. Mukapezanso ubatizo wa azakhali anuwo, nawonso ukuthandizani.

Chinanso, funsani nkhalamba zomwe zatsala kuti anavinidwa limodzi ndi ndani. Anzawo a pa simba limodzi saiwalana. Fulumirani, anthu amenewa akutha.

Mphunzitsi wopuma, Zomba:
Ine ndingofunsa: za Napolo wa ku Zomba wa mu 1946 ankazikamba bwanji, ngati zomva ali mtsikana kapena ali pabanja? Nanga pamene Kamuzu ankatera pa Chileka pa 6 Julaye 1958 anali ndi ana angati? Lirangwe ndi Chileka mpafupi, sangalephere kukumbukira tsikulo. Mukaika zinthu zitatu zotere pamzere chaka chimadzionetsa chokha. Ndipo palibe cholakwa kulemba "cha m'ma 1930" pa mwala. Kunama pa simenti nkovuta kufufuta.

Mdzukulu wa ku Lirangwe:
Zikomo nonse. Aphunzitsi mwandikumbutsa: ankati anayenda wapansi kupita ku Chileka ali ndi pakati pa amayi anga, omwe ndi achinayi kubadwa, ndipo amayi ndi a mu Novembala 1958. Zikugwirizana ndi masamu a Nachisale. Loweruka ndikwera basi kukaona mabuku a ku tchalitchi, ndikadutsenso kwa agogo ena a tsidya la mtsinje omwe ankaphika nawo thobwa pa maukwati. Makutu anagontha koma mutu ulipo. Chatsala nkuwauza amalume kuti 110 yawo yagwa, ntchito imeneyo ndawasiyira amayi.