Makutu akumva bwino, koma "kola" ndi "khola" zikumveka chimodzimodzi

Wophunzira zaumoyo:
Akuluakulu, ndithandizeni. Munthu amene ali ndi chotupa mu ubongo, makamaka kumanzere cha pamwamba pa khutu, amamva chitseko chikamatsekedwa, foni ikalira amatembenuka, koma mukamuyankhula amangoti "mwati bwanji?" Kumuyeza makutu, zonse zili bwinobwino. Vuto limakhala pati? Nanga amayeza bwanji asanapite ku opaleshoni ndi atatulukako?

Woyeza makutu:
Kumva phokoso ndi kuzindikira mawu ndi ntchito ziwiri. Makina athu oyezera makutu amatulutsa timaphokoso toyambira 250 kufika 8000 Hz (muyeso wa kunenepa kapena kuwonda kwa liwu), ndipo amene akutimva pa 25 dB (muyeso wa kukula kwa phokoso) kapena kutsika apo timati makutu ali bwino. Apo mwayeza khutu ndi mtsempha wake basi. Khutu lililonse limatumiza uthenga ku mbali zonse ziwiri za ubongo, n'chifukwa chake chotupa cha mbali imodzi sichigonthetsa munthu kawirikawiri.

Kusiyanitsa mawu kumachitikira mu superior temporal gyrus, dera la ubongo la cha pamwamba pa khutu limene dokotala wa ku Germany Carl Wernicke analifotokoza mu 1874, ndipo mwa anthu ambiri ntchitoyi imadalira kwambiri mbali ya kumanzere. Tanenani "kola", kenako "khola", dzanja lili pakamwa. Kampweya kamene mwamva pa liwu lachiwirilo sikatha ngakhale gawo limodzi mwa magawo khumi a sekondi. Ubongo wopanikizidwa ndi chotupa umakaphonya.

Poyeza, konzani mawu awiriawiri: pala ndi phala, kama ndi khama, kola ndi khola. Theka akhale ofanana ndithu, monga phala ndi phala, kuti wolota mayankho aonekere. Ajambuleni pafoni kuti liwu likhale lomwelo tsiku lililonse, ndipo wodwala asakuoneni pakamwa, chifukwa milomo imawulula yankho. Mukatha, bwerezani wailesi ikulira chapansipansi. Ambiri amagwera pamenepo.

Ngati khutu limodzi lokha ndilo lafooka ndipo likulira mkati, ganizirani vestibular schwannoma, chotupa cha pa mtsempha wa khutu. Imeneyo ndi nkhani ina.

Wothandiza zolankhula:
Ndiwonjezereko pa zimene anena anzangawa. Musamuuze wodwala kuti abwereze mawuwo. Kubwereza kumadalira arcuate fasciculus, njira yolumikiza dera lomva ndi dera loyankhula, choncho akalakwitsa simudziwa ngati sanamve kapena kamwa ndiyo yakana. Aloze chithunzi, kapena akweze chala mawu akasiyana.

Chachiwiri, yezani m'chiyankhulo chake. Kumupatsa Mchewa "light" ndi "right" n'kumulakwira, pakuti kwa ife "l" ndi "r" sasintha tanthauzo la liwu. Alephera ngakhale ubongo uli wabwinobwino. M'malo mwake ikanimo "mtengo" wa m'nkhalango ndi "mtengo" wa pamsika, amene amasiyana pokweza ndi kutsitsa liwu.

Za nthawi: kuyeza kofunika kwambiri n'koyamba kuja, opaleshoni isanachitike. Popanda iko, mudzaimba mlandu mpeni pa zimene chinawononga chotupa. Low-grade glioma, mtundu wina wa chotupa cha mu ubongo, imakula pang'onopang'ono, pafupifupi mamilimita 4 pachaka, ndiye ubongo umapeza mpata wosamutsira ntchito m'madera oyandikana, ndipo wodwala amatha kuoneka ngati alibe vuto mpaka mutamuyeza mosamala. Glioblastoma, chotupa chokula msanga, sipereka mpata umenewo.

Tsiku lachiwiri kapena lachitatu pambuyo pa opaleshoni wodwala amatha kumva moipa kuposa kale. Kumakhala kutupa kwa ubongo, ndipo madokotala amapereka dexamethasone, mankhwala ochepetsa kutupa. Achibale auzidwiretu zimenezi, apo ayi amataya mtima. Kuyeza koti n'kukhulupirira n'kwa pa miyezi itatu, kenako pakatha chaka, makamaka ngati wodwala wadutsanso ku radiotherapy, chithandizo chowotcha chotupa ndi cheza.

Kumene kuli EEG yoyenera (makina oyeza mphamvu ya magetsi ya mu ubongo), amayezanso mismatch negativity: wodwala amangokhala phee, akumva "pa, pa, pa, pa, ba", ndipo ubongo ukazindikira liwu lachilendolo umaonetsa chizindikiro pakati pa mamilisekondi 100 ndi 250. Ubwino wake, safunika kuyankha kanthu.

Wophunzira zaumoyo:
Zikomo kwambiri. Nanga dokotala amadziwa bwanji polekezera kudula, poti ubongo sunalembedwe malire?

Wa ku fiyeta:
Amamudzutsa wodwala chigaza chili chotsegula. Ubongo weniweniwo sumva kuwawa. Chimene amachititsa dzanzi ndi khungu la m'mutu. Dokotala amagwira kachipangizo ka nsonga ziwiri zotalikirana mamilimita 5, n'kukhudza ubongo ndi magetsi a 60 Hz, kuyambira cha m'ma 1 kapena 2 mA (muyeso wa mphamvu ya magetsi) n'kumakweza pang'onopang'ono, osapitirira masekondi anayi pa malo amodzi. Magetsiwo amaimitsa kwa kanthawi ntchito ya pamalopo. Malo alionse amawakhudza katatu, osati motsatizana, ndipo wodwala akalakwitsa kawiri, amaikapo kapepala ka nambala: pano sitidula. Dokotala wa opaleshoni ya ubongo George Ojemann ndi anzake ku Seattle, ku America, anaona kuti kudula mosafika sentimita imodzi kuchokera pamalo otere kumawonjezera ngozi ya vuto lokhalitsa.

Zimene zimasokoneza n'zitatu. Magetsi akhoza kuyambitsa khunyu, choncho Ringer's lactate (madzi a diripi) wozizira azikhala pafupi, wothira pa ubongo pomwepo. Wodwala amatopa, ndipo akatopa amalakwitsa paliponse, mapu a malo osadula aja n'kusokonekera. Chachitatu ndicho chokhudza funso lanu: mafiyeta ambiri amangoonetsa zithunzi kuti wodwala atchule mayina. Munthu akhoza kutchula "galu" ndi "njinga" bwinobwino pamene dera lomva mawu likuvulala. Chotupa chikakhala mu temporal lobe, gawo la ubongo la cha pakhutu, mawu awiriawiri aja alowe nawo m'fiyeta, omwewo amene anayezedwa nawo kuwodi, ndipo mawu amene ankalephera kale achotsedwe pa mndandanda.