Gulu la banja: za ulendo wa Tiyamike ku Pretoria

Atsibweni (Ngabu): Mwaswera bwanji nonse. Kalata ija yafika. Tiyamike amutenga ku University of Pretoria kukachita PhD ya za ufulu wachibadwidwe. Fizi ndi pogona alipira omuthandiza, koma visa, ulendo ndi za mwana zili pa ife. Tikambirane lero lomwe.

Achemwali (Nchalo): Ambuye alemekezeke! Nthungululu zili mkamwa kuno.

Mayi aang'ono (Bangula): Zikomo achimwene. Ndifunse kaye, musandimve molakwika. Mwanayu anamaliza ku Zomba, anapitanso ku masters, ntchito ali nayo. Zaka zinanso zitatu kapena zinayi akusiya mwana wa zaka zisanu, akukafuna chiyani?

Tiyamike: Funso lanu ndi loona mayi, ndipo landisowetsa tulo. Ndikukalemba za anthu ngati ife, osamutsidwa ndi madzi ku Nsanje ndi ku Chikwawa. Mukumbukira Januwale wa 2015 ku Makhanga, Ruo atasefukira. Kenako anamondwe aja: Idai mu 2019, Ana mu 2022, Freddy mu Malichi 2023. Nthawi iliyonse mawu ndi amodzimodzi: samukirani kumtunda. Koma malo akumtundawo ali ndi eni ake, dimba limatsala kutsidya, manda amatsala komweko. Mu 2009 mayiko a African Union anagwirizana pangano ku Kampala, Malawi nayo idavomereza, lonena kuti munthu wothawa kwawo chifukwa cha ngozi ngati imeneyi afunsidwe, asankhe yekha kubwerera, kukhazikika pomwe wafikira kapena kupita kwina. Ndikufuna ndidziwe ngati ku chigwa kuno anthu amafunsidwadi.

Achimwene (Joni): Mwamva mayi? Si za mabuku chabe izi.

Chisomo (ndikulembera agogo): Ndawawerengera agogo. Akuti ndilembe momwe akunenera. "Ife sanatifunse. Tinagona masabata angapo m'kalasi, pansi pa simenti, zovala zili zonyowa. Kenako anabwera anthu pa galimoto ndi kope, anatiwerenga ngati mbuzi pa dibi, napita. Malo amene anatiloza ndi a miyala, mapira samera bwino. Chaka chilichonse ndimawoloka pa bwato kukalima dimba langa lakale, ndi kukalambula pamanda pa agogo anu aamuna. Ngati mwanayo akukalemba zimenezi, apite, ndipo ayambire kwa ine."

Mayi aang'ono (Bangula): Amayi ayankhula, ine ndilibenso mawu. Mwana azikhala kwa ine. Sukulu ili pafupi, ndipo msuweni wake ali mu kalasi yomweyo. Koma Tiyamike, Lamulungu lililonse uziimba pa video, asakuiwale nkhope.

Tiyamike: Ndizichita mayi. Ndipo sindikakhala kumeneko zaka zonsezo. Chaka chachiwiri ndibwera miyezi ingapo kudzacheza ndi anthu m'midzi, ku East Bank ndi kuno.

Atsibweni (Ngabu): Chabwino. Tsono tiuze zofunika, tione pogwira.

Tiyamike: Pa study visa akufuna kalata ya polisi yosonyeza kuti ndilibe mlandu, kalata ya dokotala, ndi medical aid ya ku South Africa komweko yolipiriratu. Chomwe chikundilemera ndi medical aid imeneyi chifukwa ndi ya ma rand. Mapepala a sukulu ndinatumiza kale ku SAQA, bungwe la ku South Africa lounika masatifiketi.

Achimwene (Joni): Medical aid isiyireni ine, ndilipira kuno, tisavutike ndi kusaka ma rand. Ukwere basi ya pa Blantyre, yodzera ku Mwanza, Tete, Nyamapanda mpaka Beitbridge. Ndikakuchingamira ku Park Station, ugona kwanga, m'mawa mwake ndikuperekeza ku Pretoria. Tenga juzi la mphamvu mlongo. Iwe wazolowera kutentha kwa ku Ngabu, kuno mwezi wa Juni madzi amaundana pa galasi la galimoto.

Atsibweni (Ngabu): Ine ndigulitsa ng'ombe imodzi, yamphongo yofiira ija. Ndinkaisungira malata koma malata adikira. Ikwanira basi, visa ndi ya m'thumba mwezi woyamba.

Achemwali (Nchalo): Atsibweni, ng'ombe yonse? Ife tisonkhenso kuti ndalama ina itsale ya malatawo. Ine K60,000 ndikalandira pa 25. Ena lembani pansipa.

Chisomo: K15,000, ndikagulitsa nsomba Loweruka. Agogo akuti iwo apereka ufa wa mapira ndi mlamba wowamba.

Achimwene (Joni): Agogo tiwathokoze, koma nsomba pa boda zimavuta. Adyeretu kumudzi tsiku lotsanzikana.

Achemwali (Nchalo): Eya, tsikulo likhale kwa agogo, abusa adzatipempherere. Ndalama zonse zibwere pa Mpamba yanga, ndizilemba pano aliyense aziona.

Tiyamike: Ndikulira pano. Zikomo nonse. Chisomo, uwauze agogo kuti ndibwera Lachisanu ndi kope langa, tidzawolokere limodzi ku dimbako.

Chisomo: Akuti ulawirire, wa bwato sadikira dzuwa likakwera.