Kodi masiku a maliro ndi a holide ya boma angachotsedwe pa livi ya pachaka?

Kalaliki wa pa Depoti, Chipata

Ndikupempha nzeru kwa inu amene mumadziwa malamulo a ntchito a dziko lathu la Zambia. Ndimagwira ntchito ya ukalaliki pa depoti ya kampani ina yogula mtedza, soya ndi mpendadzuwa kuno ku Chipata, ndipo ndathapo zaka ziwiri ndi miyezi itatu. Mu Juni atsibweni anga anatisiya kumudzi kwathu ku Katete, ndipo ndinakhala kumaliro masiku asanu, chifukwa ine ndiye mphwawo wamkulu, moti za bokosi, za ufa wa anthu obwera kudzapepesa ndi zokambirana za banja zonse zinagwera ine. Nditabwerako ndinagwira ntchito pa tsiku la Heroes ndi la Unity, omwe ndi maholide a boma a mu Julayi, poti nyengo yogula inali pachimake ndipo alimi anali atandanda ndi matumba awo pa sikelo kuyambira mbandakucha, koma pa malipiro a Julayi sipanawonjezeke ngakhale ngwee imodzi.

Sabata yatha ndinapempha livi. Abwana anatsegula buku lawo n'kundiuza kuti pa masiku 24 a chaka chino achotsapo asanu a maliro, atatu a Pasaka, la Kenneth Kaunda ndi la Labour, chifukwa masiku onsewo depoti inali yotseka kapena ine kunalibe, choncho andisungira 14. Kodi lamulo limalola kuwerengera kotereku? Nanga masiku awiri amene ndinagwira aja ndiyenera kulandira chiyani?

Mkulu wa Union Wopuma Ntchito, Katete

Pepani ndi malirowo, achimwene. Ndiyamba ndi nkhani ya maholide chifukwa pamenepo palibe chokangana. Lamulo limene limayendetsa zimenezi ndi Employment Code Act, nambala 3 ya chaka cha 2019, ndipo gawo 36 limanena kuti munthu amene wagwira ntchito miyezi 12 mosalekeza kwa bwana mmodzi ayenera kupatsidwa livi yolipidwa mokwanira ya masiku osachepera awiri pa mwezi, omwe ndi 24 aja. Gawo lomwelo limapitiriza kunena kuti masiku amenewa ndi owonjezera pa maholide a boma ndi pa tsiku lopuma la pa sabata. Choncho Lachisanu Loyera, Loweruka Loyera, Lolemba la Pasaka, 28 Epulo (la Kenneth Kaunda) ndi 1 Meyi (la Labour) sangalowe m'buku la livi yanu, ngakhale depoti inali yokhoma, ndipo masiku amenewo mumayenera kulipidwa monga mwa nthawi zonse.

Taganizirani chimene chikanachitika abwana anu akanakhala kuti akulondola. Maholide athu amakwana 15 pa chaka tikawerenga kuyambira 1 Januwale, kudzera pa tsiku la amayi la 8 Malichi, la achinyamata la 12 Malichi, la Africa Freedom la 25 Meyi, la alimi Lolemba loyamba la Ogasiti, la mapemphero la 18 Okutobala, la ufulu la 24 Okutobala, mpaka Khirisimasi, ndipo Pulezidenti amatha kulengeza ena apadera. Onsewo atachotsedwa pa 24, munthu angatsale ndi masiku asanu ndi anayi okha. Dziwaninso kuti holide ikagwera Lamlungu, Lolemba lotsatira ndi limene timapuma, ndipo nalonso silikhudza livi.

Za maliro zili m'gawo 39, lomwe limapatsa wantchito masiku osachepera 12 pa chaka, olipidwa mokwanira, akaferedwa mkazi kapena mwamuna, kholo, mwana kapena munthu amene amamusunga. Masiku amenewa ali ndi mzere wawo, ndipo kwa ine abwana anu alakwitsa powasakaniza ndi livi ya pachaka.

Wa Maakaunti, Petauke

Ndikugwirizana ndi bambo a ku Katete pa nkhani ya maholide, koma pa za maliro ndikupempha kuti tisathamange, chifukwa apa ndi pamene abwana angapeze popondera. Mndandanda wa m'gawo 39 sutchula atsibweni. Kwa ife Achewa zimenezi n'zodabwitsa, poti atsibweni ndiwo mwini mbumba, ndiwo amene amaweruza nkhani za ana a mlongo wawo, ndipo m'mabanja ambiri ndiwo analipira sukulu. Koma lamulo linalembedwera dziko lonse ndipo linatchula achibale a m'nyumba okha. Chimene chingakuthandizeni ndi mbali yachiwiri ya gawo lomwelo, yomwe imalola livi yomweyo pa chifukwa china chomveka chofunika chifundo. Mawu amenewo ndi otakata, ndipo ndi udindo wanu kusonyeza kuti chifukwa chanu chinali chomveka. Lembani kalata yofotokoza ubale wanu ndi malemuwo, ndipo ngati n'kotheka muphatikizepo kalata ya a mfumu kapena pepala la chilolezo choika maliro. Ine ndawonapo mabwana akufewa akaona chidindo cha a nyakwawa, pamene mawu a pakamwa ankawakana.

Tsopano za ndalama. Gawo 75 limati munthu akagwira ntchito pa holide ya boma kapena pa tsiku lake lopuma, pamene tsikulo silili mbali ya sabata yake ya ntchito ya nthawi zonse, alipidwe kawiri malipiro ake a pa ola. Malipiro a pa ola amapezeka pogawa malipiro enieni a pa mwezi, osawerengera maalawansi, ndi 208. Kwa alonda amagawa ndi 240. Tiyerekeze kuti malipiro anu enieni ndi K1,664. Mukagawa ndi 208 mupeza K8 pa ola, kawiri ndi K16, ndipo maola asanu ndi atatu akupatsani K128 pa tsiku, kutanthauza K256 pa Heroes ndi Unity pamodzi.

Masiku a livi ali ndi kawerengedwe kosiyana, ndipo anthu ambiri amasokoneza ziwirizi. Apa amatenga malipiro onse pamodzi ndi maalawansi, n'kuchulukitsa ndi masiku a livi amene mwasunga, kenako n'kugawa ndi 26. Ngati zonse pamodzi mumalandira K2,600, tsiku limodzi la livi ndi K100, moti masiku khumi amene abwana akufuna kuchotsawo ndi K1,000. Muwonetsetsenso za chaka choyamba chija: ngati simunapume masiku onse ndipo simunalipidwe, akadali anu, ndipo lamulo limati ngakhale pochoka pa ntchito masiku otsala amalipidwa.

Mayi wa ku Mfuwe

Ine ndimagwira ntchito pa loji ina pafupi ndi South Luangwa, ndipo ndikufuna kutsindika mawu amene a ku Petauke anena akuti “pamene tsikulo silili mbali ya sabata yake ya ntchito”. Kwa ife alendo amachuluka pa maholide pomwepo, choncho kontrakiti yathu inalemberatu mmene masiku amenewo amayendera ndi mmene timasinthanirana. Achimwene, musanapite kukakumana ndi abwana, werengani kontrakiti yanu bwinobwino muone ngati inanenapo kanthu za ntchito ya m'nyengo yogula. Ngati simunapatsidwe pepala lililonse, limenelo ndi vuto lina, chifukwa ntchito ya miyezi isanu ndi umodzi kapena kupitirira iyenera kukhala ndi kontrakiti yolembedwa.

Popeza Ogasiti wayandikira ndipo ndinu a ku Katete, ndikukumbutseninso kuti mwambo wa Achewa wa Kulamba ku Mkaika si holide ya boma, monganso mwambo wa Angoni wa Nc'wala ku Mtenguleni mu Febuluwale. Zonse ziwiri zimachitika Loweruka, ndipo kwa amene timagwira Loweruka, tsiku limenelo abwana akhoza kulichotsa pa livi moyenera, bola mwagwirizana pasadakhale. Chimodzimodzi 26 Disembala: abale athu a ku Mchinji amapuma, koma kuno ndi tsiku la ntchito.

Kalaliki wa pa Depoti, Chipata

Zikomo kwambiri nonse. Kontrakiti ndili nayo, ndipo imati ndimagwira kuyambira Lolemba mpaka Loweruka masana, koma za maholide sinatchule kalikonse. Mantha anga ndi akuti ndikayamba kutchula magawo a malamulo, abwana anganene kuti ndayamba mwano, ndipo kontrakiti ikatha sadzandipatsanso ina.

Mkulu wa Union Wopuma Ntchito, Katete

Mantha amenewo ndi omveka, n'chifukwa chake musakayambe ndi magawo a malamulo pamaso pa anzanu. Lembani kalata yaulemu yopempha kuti buku la livi liwunikidwenso, ndandalikani masiku khumiwo limodzi ndi limodzi ndi madeti ake, muikeponso awiri a Julayi, ndipo musunge kope losainidwa kuti alandira. Nthawi zambiri amene amasunga mabuku m'madepoti sanawerengepo lamuloli, ndipo akaona madeti atalembedwa amakonza mwakachetechete. Akakana, kapena akakhala chete kwa sabata ziwiri, tengani kontrakiti, mapepala a malipiro a Juni ndi Julayi pamodzi ndi kope la kalatayo, mupite nazo ku ofesi ya Leba ya ku Chipata komweko, kumene ofisala ali ndi mphamvu yoitana abwana kuti abwere ndi buku lawo la livi.